Bafa likutentha, pabalaza pakuzizira: kulinganiza madzi pa manifold ya heat pump

Mmisiri_Leeds: Akuluakulu, ndithandizeni maganizo pa ntchito iyi. Ndi bungalow yotenthetsedwa ndi madzi oyenda m'mapaipi a pansi (underfloor), yokhala ndi heat pump ya 5 kW (makina a magetsi otenga kutentha kwa panja n'kutenthetsa madziwo), mapaipi a 16 mm ali mu screed (simenti ya pansi) nyumba yonse, ma radiator mulibe. Manifold, pomwe madzi amagawidwira ku mapaipi a zipinda, ili mu kolido, ili ndi ma loop 7 (loop ndi paipi imodzi yozungulira pansi n'kubwerera). Bafa ndi kachipinda kakang'ono zikufika madigiri 24, koma pabalaza sipakudutsa 18. Heat pump anaikweza kuti madzi afike madigiri 45 kuti mwina pabalaza pafunde, koma chomwe chakwera ndi bilu ya magetsi basi. Ma flow meter, timagalasi toyezera ndi kuthinira madzi a loop iliyonse, akuwerenga chonchi, malita pa mphindi: bafa 3, kolido 3, kachipinda 2.5, chipinda chachikulu 1.8, khitchini 1.8, pabalaza loop yoyamba 1.7, yachiwiri 1.0. Ndiyambire pati?

MayiWaMapaipi: Achimwene, musanakhudze flow meter iliyonse tipatseni zinthu ziwiri: kutalika kwa loop iliyonse, ndi ma watt omwe chipinda chilichonse chimataya tsiku lozizira kwambiri. Ngati ntchitoyo inadutsa ku MCS, ndondomeko ya ku UK yotsimikizira ntchito ngati za heat pump, pepala la heat loss la chipinda ndi chipinda liyenera kukhalapo. Kutalika kwa loop nthawi zambiri kumalembedwa pa manifold kapena pa pulani, ndipo paipi yeniyeniyo imakhala ndi manambala a mamita osindikizidwa, ndiye mutha kuchotsera nambala ya polowera pa nambala ya potulukira.

Mmisiri_Leeds: Zilipo achemwali. Bafa mamita 35, 350 W. Kolido mamita 40, 300 W. Kachipinda mamita 60, 400 W. Chipinda chachikulu mamita 95, 650 W. Khitchini mamita 95, 900 W. Pabalaza ma loop awiri, mamita 100 ndi 105, chipinda chonse 1700 W, kukula kwake masikweya mita 30. Mapaipi atalikirana 150 mm.

MayiWaMapaipi: Basi, apa nkhani yaoneka. Masamu ake ndi awa: tengani ma kW a loop, chulukitsani ndi 14.3, mugawe ndi kusiyana kwa kutentha komwe mukufuna pakati pa madzi opita ndi obwerera. Pa heat pump timayika madigiri 5. Nambala ya 14.3 ikuchokera pa masekondi 60 kugawa ndi 4.19, womwe ndi mlingo wa kutentha komwe madzi amanyamula.

Bafa: 0.35 kuchulukitsa 14.3 kugawa 5, mupeza 1.0. Kolido 0.9. Kachipinda 1.1. Chipinda chachikulu 1.9. Khitchini 2.6. Pabalaza gawani 1700 pawiri, 850 W pa loop, ndiye 2.4 iliyonse. Zonse pamodzi ndi malita 12.3 pa mphindi.

Tsopano onkhetsani zomwe mukuwerenga panopa: 14.8. Madzi alipo okwanira, pampu si yofooka ayi. Vuto ndi kagawidwe. Zili ngati ngalande ya mthirira ku dimba, mabedi oyandikira amamwa mpaka kusefukira pomwe akumapeto akungolandira zotsala. Ma loop afupiafupi atatu aja akutenga malita 8.5 pomwe akufunika 3.

Gogo_Sipanala: Masamu a mayiwa ndi olondola, koma pali nambala imodzi pamenepo yomwe si ya kulinganiza. Ma loop a pabalaza ndi a mamita 100 ndi 105. Onse atatsegulidwa kwathunthu ayenera kuwerenga pafupifupi chimodzimodzi, 1.7 ndi 1.6 mwina. Loop ina kuwerenga 1.0 ndiye kuti ili ndi chotchinga. Pali zinthu zitatu zoti muone, kuyambira chosavuta. Choyamba, chotsani actuator (kamutu ka magetsi kotseka ndi kutsegula valavu) pa loop imeneyo, mukankhe kapini ka valavu ndi chala kapena ndi kumbuyo kwa sipanala. Kayenera kutsika ndi kudzibweza kokha. Timapini timeneti timakakamira tikakhala totseka chilimwe chonse. Chachiwiri ndi mpweya. Chachitatu, chomwe sitikufunirani, ndi paipi yopindika pomwe ikutuluka mu screed kukwera ku manifold. Mukayamba kuthina ma loop ena musanapeze chimenechi, mudzathina nyumba yonse pofuna kukondweretsa loop yodwala.

Mmisiri_Leeds: Kapini kali bwino, kakuyenda. Mpweya ndinatulutsa pa kavalavu ka pamwamba pa manifold.

Gogo_Sipanala: Kavalavu kameneko kamatulutsa mpweya womwe wafika kale pa manifold. Womwe wagona mkati mwa loop sungachoke ndi lita imodzi pa mphindi, liwirolo ndi lochepa. Chitani chonchi. Zimitsani pampu, tsekani mavalavu akuluakulu awiri olekanitsa manifold ndi heat pump. Lumikizani paipi ya madzi a pampopi pa valavu yodzazira ya mbali yopita, ina pa valavu yotayira ya mbali yobwerera, iloze mu ndowa. Tsekani ma loop onse, mutsegule imodzi yokha. Madzi ayende mpaka thovu litasiya kuoneka mu ndowa, nsonga ya paipi ikhale yomira kuti muliwone. Tsekani imeneyo, tsegulani yotsatira, mpaka onse asanu ndi awiri. Mukamaliza bwezerani presha ya system pakati pa 1 ndi 1.5 bar ili yozizira. Ngati m'madzimo munali inhibitor (mankhwala oteteza dzimbiri) ndi biocide (opha timabakiteriya), muthirenso, chifukwa pa kutentha kochepa ngati kumeneku timabakiteriya timaswana ndipo timapanga zoterera zomwe zimadetsa magalasi a ma flow meter.

Ngati mu system muli glycol (mankhwala oletsa madzi kuundana) musatsuke chonchi mosaganiza, mudzamutaya. Pamenepo pafunika pampu yotsukira yozungulitsa madzi omwewo mu thanki.

WaMagetsi_Glasgow: Ine funso langa lili kwina. Mwati heat pump ikutulutsa 45. Nanga geji ya kutentha pa manifold mbali yopita ikuwerenga chiyani?

Mmisiri_Leeds: Ikuwerenga 36 bwana. Pa manifold pali valavu ya mutu woyera wa manambala, komanso pampu yakeyake.

WaMagetsi_Glasgow: Ndalama zikuthera pamenepo. Imeneyo ndi blending valve, inapangidwira boiler ya gasi yomwe imatulutsa madzi a 60 kapena 70 omwe sangalowe pansi osasakaniza. Heat pump ikuvutika kupanga 45, valavu ikusakaniza ndi madzi obwerera kutsitsa kufika 36. Digiri iliyonse yomwe mwakweza pa heat pump imatsitsa COP (kutentha komwe mumapeza pa yuniti iliyonse ya magetsi) ndi maperesenti awiri kapena kupitirirako pang'ono, ndiye madigiri 9 otayika pachabe ndi pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a magetsi otenthetsera. Ndiponso n'chifukwa chake kukweza heat pump sikunathandize pabalaza: kaya mukweze kufika 50, pansi padzalowabe 36 yemweyo.

Poti nyumbayi ilibe ma radiator, valavu imeneyo ichoke, heat pump izipereka yokha madzi pa kutentha komwe pansi pakufuna. Kuipotoza mpaka kumapeto kumathandizako koma mavalavu ambiri a mtundu umenewu amasakanizabe pang'ono ndipo amathina madzi. Ikachoka, ikani malire a kutentha mu controller ya heat pump, komanso pakhale thermostat yachitetezo pa paipi yopita, kuti ngati valavu ya madzi osamba itakakamira madzi a 55 asalowe pansi pa matabwa. Ndipo ngati makinawo akadali pa waranti, kambiranani kaye ndi omwe anawaika.

Mlongo_Luton: Nanga pampu ya pa manifold, nayonso ichoke?

WaMagetsi_Glasgow: Zitengera mphamvu yotsala ya pampu ya heat pump, yomwe ili pa graph m'buku la makinawo. Tiwerengere. Paipi ya 16 mm ili ndi 12 mm mkati. Pa malita 2 pa mphindi imadya presha ya pafupifupi 135 Pa pa mita. Pa 2.4 ndi pafupifupi 190, pa 2.6 ndi pafupifupi 215, pa malita 3 yafika 275. Onani mmene ikukwerera: mwawonjezera madzi ndi theka, kukana kwawirikiza kawiri. Loop ya pabalaza ya mamita 105 ikufuna 20 kPa, ya kukhitchini ya mamita 95 nayonso 20 kPa chifukwa ikunyamula madzi ambiri. Onjezani mavalavu a manifold, munene kuti 25 kPa, omwe ndi ngati mamita awiri ndi theka a head (mlingo wa mphamvu yomwe pampu imakankhira madzi). Pamwamba pake muwonjezere mapaipi ochokera panja, sefa ndi valavu yopatutsira ku thanki ya madzi osamba. Ngati graph ikuonetsa kuti pa malita 14 pampu ikutsala ndi zoposa zonsezo, pampu yachiwiri ndi yosafunika.

Muonenso paipi yaikulu. Ya kopa ya 22 mm pa malita 14 ili bwino, liwiro ndi pafupifupi 0.7 mita pa sekondi. Ya pulasitiki ya 22 yokhala ndi ma insert pa joini iliyonse ndi yopapatiza mkati, imadya head yambiri. Makina a 8 kW omwe amafuna malita 23 ndiye pafunika 28 mm.

MayiWaMapaipi: Mfundo ya bwanawa ya khitchini ndiyofunika. Anthu ambiri amati loop yaitali kwambiri ndiyo imasiyidwa yotsegula. Si nthawi zonse. Imasiyidwa yotsegula ndi yomwe ikuvuta kwambiri kufikitsa pa nambala yake, ndipo pano zikupikisana ndi khitchini ndi loop yachiwiri ya pabalaza.

Ndondomeko yake, mpweya utachoka ndipo sefa mwaitsuka. Sefa musaiwale, yodzaza zinyalala imatsitsa ma loop onse pamodzi. Chotsani ma actuator onse kuti mavalavu a mbali yobwerera akhale otsegula. Pampu iyende pa liwiro lokhazikika. Ma heat pump ambiri amasintha okha liwiro la pampu posaka kusiyana kwa madigiri 5, ndiye mukamathina apa iyo ikusintha uko, simudzamaliza. Yang'anani mu menyu ya oika makina, pamakhala poyendetsera pampu pa liwiro limodzi. Ngati ndi pampu yapadera, ikhale pa constant pressure, osati proportional. Tsegulani ma flow meter onse. Kwezani kamphete kotsekera kali m'munsi mwa galasi, muzipotoza ndi dzanja, osati pulayala, ndipo musapitirire pomwe yalimba potsegula chifukwa ina imatha kumasuka n'kuyamba kudontha.

Yambani ndi loop yomwe yapitirira kwambiri nambala yake: kolido kuchoka pa 3 kufika 0.9, bafa kufika 1.0, kachipinda kufika 1.1. Mudzaona aatali aja akukwera okha. Chipinda chachikulu chikadutsa 1.9 chibwezeni. Kenako muyambirenso, chifukwa kuthina loop ina kumakankhira madzi mwa inzake, ndipo bafa lomwe munaliika pa 1.0 mulipeza pa 1.2. Muzungulire mpaka manambala atasiya kusuntha. Pomaliza, ngati khitchini ndi pabalaza zili zotsegula kwathunthu koma sizikufika, kwezani pampu. Ngati zapitirira, tsitsani pampu, musazithine. Mukapeza kuti ma loop onse asanu ndi awiri ndi othina, dziwani kuti pampu ikuthamanga mopitirira ndipo mukulipira magetsi kuti izikankha mavalavu otseka.

Powerenga, diso likhale pa mlingo umodzi ndi galasi. Tizipangizo timeneti si tolondola kwenikweni, kuphonya ndi 0.2 kapena 0.3 si zachilendo.

Chiwotcha: Ndiloleni nditsutseko pang'ono, achemwali. Kulinganiza kukufunika, koma tisawapatse achimwenewa chiyembekezo choti malita okha akonza pabalaza. Kutentha komwe pansi pamapereka kumatsatira avareji ya kutentha kwa madzi mu loop, osati malita mwachindunji. Tengani madzi olowa pa 35, obwerera pa 30, chipinda pa 21. Avareji ndi 32.5, kusiyana ndi chipinda ndi 11.5. Mukawirikiza madzi kawiri, kutentha kotuluka kumangokwera ndi pafupifupi 10 peresenti. Mukawadula ndi theka kumatsika ndi pafupifupi 15 peresenti, madzi n'kumabwerera atazizira ndi madigiri 8 kapena 9. Ndiye loop ija ya 1.0 ikafika 2.4 ipereka zowonjezera ngati kota, inzake ya 1.7 ingowonjezera pang'ono. Kuchoka pa 18 kufika 21 pangafunike zina. Pabalazapo pansi anayala chiyani?

Mmisiri_Leeds: Kapeti yokhuthala ndi underlay ya siponji. Kubafa, kukhitchini ndi mu kolido ndi matailosi. M'zipinda ndi laminate.

Chiwotcha: Ndi zimenezo. 1700 W pa masikweya mita 30 ndi 57 W pa sikweya mita. Pansi pamapereka pafupifupi 10 kapena 11 W pa sikweya mita pa digiri iliyonse yomwe pamwamba pake papitirira mpweya wa m'chipinda, ndiye pamwamba pa kapetiyo payenera kufika 26 ndi theka kuti chipinda chikhale pa 21 tsiku lozizira. Zimenezo zili mkati mwa malire a muyezo wa underfloor wa BS EN 1264, omwe ndi 29 pomwe anthu amakhala ndi 33 kubafa. Koma kuti kutentha kuboole kapeti ndi siponji, madzi ayenera kutentha kwambiri kuposa pansi pa matailosi. Kapeti ndi underlay za 2.5 tog (mlingo wa mmene chinthu chimatchingira kutentha), zomwe ndi 0.25 m²K/W, pa 57 W zikudya madigiri 14 paokha. Za 1.5 tog zikudya 8 kapena 9. Matailosi pafupifupi sadya kanthu. Choncho chipinda chimodzi chikukakamiza nyumba yonse kuyendera madzi otentha kwambiri, ndipo zipinda za matailosi zizipsa. Kusintha underlay yokha kuika yopangidwira underfloor, ya tog yochepa, kumatsitsa madzi ndi madigiri angapo. Onaninso sofa yogona pansi yopanda miyendo ndi rug ya pakati, zonsezo zikuphimba malo otulukira kutentha.

MayiWaMapaipi: Sindikukana. Masamu a malita ndi poyambira, osati pothera. Akamaliza gawo limenelo woweruza ndi thermometer ya m'chipinda. Ndipo mfundo yanu ikugwiranso mbali inayo: chipinda chotentha kwambiri sichizizira mukachithina pang'ono. Bafa la matailosi lingafunike kutsika pansi pa 1.0. Komabe paipi ya 16 mm ikatsika pansi pa 0.8 kapena 0.9 madzi amayenda mwaulesi, flow meter siwerenga bwino, ndipo pansi pamayamba kufunda mbali imodzi, kwinako kozizira. Bafa paja limawerengeredwa pa 22, zipinda zogona pa 18, pabalaza pa 21, ndiye bafa kufunda kuposa kwina si cholakwa.

Gogo_Sipanala: Kolido ndiye muyiyang'anitsitse. Mapaipi onse 14, opita ndi obwerera, akudutsa pansi pake mothithikana asanabalalike. Malo amenewo amatentha ngakhale loop yake mutaitseka. Omwe amaika bwino amaveka mapaipi opita aja conduit kapena chofunda pa mamita oyambirira. Screed itathiridwa kale palibe chochita, koma loop ya kolido mutha kuithina kwambiri kuposa masamu. Ndiye ndifunse: thermostat yomwe imayatsa ndi kuzimitsa heat pump ili kuti?

Mmisiri_Leeds: Chipinda chilichonse chili ndi yake, zonse zikupita ku wiring centre (bokosi lolumikiza ma thermostat, ma actuator ndi makina). Makina amayaka ndi kuzima kambirimbiri pa ola, ndipo nthawi zina amaonetsa error ya madzi ochepa.

WaMagetsi_Glasgow: Zikugwirizana. Bafa, kolido ndi kachipinda zikafika, ma actuator awo amatseka. Zipinda zina zikatsatira, pamatsala ma loop awiri a pabalaza okha, malita 2.7 kapena atatu ndi pang'ono. Heat pump iliyonse ili ndi malita ochepetsetsa olembedwa m'buku lake, ndipo ma loop awiri sangawafikitse. Madzi nawonso amachepa. Paipi ya 16 mm imasunga malita 0.113 pa mita, ndiye mamita 530 a nyumba yonse ndi malita 60, koma ma loop awiri okha ndi malita 23. Kompresa imawatenthetsa msanga n'kuzima, ndipo nthawi yosungunula ayezi pa makina a panja imasowa potenga kutentha.

Langizo langa: ma actuator achoke pabalaza, kukhitchini, mu kolido ndi kubafa, ma loop amenewo akhale otsegula nthawi zonse. Kutentha kwa nyumba kuziwongoleredwa ndi weather compensation, madzi azitentha kunja kukazizira, azitsika kukafunda. M'zipinda zogona ma actuator atha kutsala, koma ma thermostat ake muwaike digiri imodzi kapena ziwiri pamwamba pa zomwe eni akufuna, akhale otchinga kutentha kopitirira basi. Ma loop otsegula aja pamodzi ndi malita 9.3, muyerekeze ndi buku.

Mlongo_Luton: Ena amaika automatic bypass (valavu yodutsitsa madzi osalowa m'ma loop) kapena low loss header (kathanki kolekanitsa mbali ya heat pump ndi ya manifold) kuti error ichoke. Sizophweka kuposa zonsezi?

WaMagetsi_Glasgow: Error imachokadi, koma bypass imabweza madzi otentha ku heat pump asanagwire ntchito, makina n'kuona ngati nyumba yakhuta, n'kuzima. Header nayo ili ndi msampha: madzi a mbali ya manifold akachuluka kuposa a mbali ya heat pump, obwerera amasakanikirana ndi opita, mwabwereranso ku vuto la blending valve. Ngati header ilipo kale, malita a mbali ziwirizo afanane, ndipo mudziwa poyeza kutentha kwa paipi yolowa ndi yotuluka pamwamba pake, kusiyana kusapitirire digiri imodzi. Ngati vuto ndi kuchepa kwa madzi okha, volumiser (kathanki kosungira madzi) ya mapaipi awiri pa mbali yobwerera imawonjezera malita osasakaniza kanthu.

Mlongo_Luton: Nanga 12.3 ija, pomwe makina a 5 kW pa madigiri 5 akufuna 14.3?

MayiWaMapaipi: Palibe vuto. Nyumba ikutaya 4.3 kW, ndiye 12.3 ikukwana. Makina akathamanga pa mphamvu yonse kusiyana kudzangofika pafupi ndi madigiri 6. Mukafuna 14.3, chulukitsani loop iliyonse ndi 1.16, koma khitchini ifika malita 3 ndipo mwamva kale mmene kukana kumakwerera pamenepo. Chofunika ndi chiyerekezo pakati pa ma loop. Amene ali ndi glycol ndiye awonjezereko malita, chifukwa amanyamula kutentha kochepa kuposa madzi okha ndipo ndi wolemerera kukankha.

Gogo_Sipanala: Poti ma flow meter amanama, tsimikizirani ndi kutentha kwa mapaipi obwerera. System iyende mosalekeza tsiku lathunthu kunja kukuzizira. Matani tepi yakuda pa paipi iliyonse yobwerera, pamalo ofanana, chifukwa thermometer ya infrared imanama pa chitsulo chonyezimira. Ya clip ndiyo yabwino koposa. Loop yobwerera yotentha pafupi ndi madzi opita ili ndi madzi ochuluka, kapena kutentha kukukanika kutuluka chifukwa cha kapeti. Yobwerera yozizira kuposa inzake ndi madigiri atatu kapena anayi ikupereweredwa. Musinthe kota ya kupotoza basi, loop imodzi kapena ziwiri pa nthawi, kenako mudikire maola 24 kapena kuposa. Screed ya 65 kapena 75 mm ndi matani a simenti, siyankha lero lomwe. Ndipo musayeze tsiku lomwe dzuwa lalowa pa mawindo a pabalaza kapena uvuni wakhala ukuyaka kukhitchini.

Mmisiri_Leeds: Ndamva akuluakulu. Funso lomaliza, curve ya weather compensation ndiyambire pa madigiri angati valavu ija ikachoka?

Chiwotcha: Yambani ndi 35 pamene kunja kuli pa kuzizira komwe pepala la heat loss linawerengera, komwe ku dera lanulo kumakhala cha m'ma -3, ndi 25 kapena 26 pamene kunja kuli 15. Ndi kapeti imeneyo mwina 35 sakwana masiku ozizira kwambiri, mungafike 40 kapena kupitirira underlay isanasinthidwe. Muzisuntha digiri imodzi pa nthawi, kutsatira pabalaza poti ndipo povuta, zipinda zotsalazo muzizibweza ndi ma flow meter. Pansi pa laminate pasadutse 27, opanga ambiri amalemba malire amenewo. Usiku musazimitse, mungotsitsa ndi digiri imodzi kapena ziwiri. Manambala omaliza a loop iliyonse, liwiro la pampu ndi curve mulembe pa pepala mumate mkati mwa chitseko cha manifold, ndipo timphete totsekera tija mutitsitse kuti wina asapotoze.